CHIFUKWA NINJI MIPANDO IKHALA YOPANDA ANTHU PA NDIME YOTSIRIZA YA CHIKHO?

Ndifuna kukambako pang'ono za chinthu chimene ndinachiona ndi maso anga, ndipo chakhala chikundibvuta mumtima kufikira lero.

Ine kwathu ndi ku Chiwamba. Chiyambire ubwana wanga, mpira wa matimu akuluakulu ndinali kungoumvera pa wailesi ya atate. Tsono tsiku lina amalume, atagulitsa fodya wao ku Kanengo, anandiitana nati, "Mphwanga, konzeka. Loweruka tipita ku Bingu Stadium, ukaone ndime yotsiriza ya chikho." Usiku wa Lachisanu sindinaone tulo. Tinalawira mbandakucha poopa kuti tikasowa pokhala, pakuti ndinali kuganiza kuti pa tsiku lotere Lilongwe yense asonkhana kumeneko.

Koma titalowa ndinazizwa. Anthu analipo ndithu, ena ndi ng'oma zao, koma anangounjikana mbali ziwiri. Kwina konseko mipando inali mbee, mizere ndi mizere. Mpira uli m'kati ndinali kumva bwino lomwe mau a goloboyi akukalipira anzake. Pamene opambana ananyamula chikho, ambiri mwa owonera anali atatuluka kale kukathamangira minibasi.

Patapita masabata awiri, kwathu kunali ndime yotsiriza ya matimu a m'midzi. Mphotho yake inali mbuzi ndi mpira umodzi basi. Koma anthu ake! Anyamata anakwera m'mitengo, ana anadzaza pa chulu, amai anayala nzimbe ndi zitumbuwa, ndipo ngakhale anyakwawa anawatengera mpando. Chigoli chitalowa, khamu lonse linathamangira m'bwalo, pfumbi kobo! Pamenepo ndinadziwa kuti amene anena kuti anthu aleka kukonda mpira alakwa. Chikondi chiripo. Tsono chiwaletsa nchiani kupita ku mpira waukulu? Ndafunsa akulu, ndafunsanso anzanga a pa sukulu pano ochokera ku Nsaru, ku Kabudula, ku Mpingu ndi ku Namitete, ndipo ndapeza zifukwa zisanu.

Choyamba ndi ukulu wa bwalo lenilenilo. Bingu Stadium, imene inamangidwa ndi ngongole yochokera ku China nitsegulidwa m'chaka cha 2017, iri ndi malo a anthu okwana ngati 41,000. Tiyeni tichite samu. Mutalowa anthu 10,000, ndiye kuti pa mipando inai iri yonse, itatu iri yopanda munthu. Khamu lomwelo mutaliika m'bwalo laling'ono, aliyense adzanena kuti kunali namtindi wa anthu. Nsima ya mwana mukaiika m'lichero ioneka ngati palibe kanthu.

Chachiwiri, chimene ine ndichiyesa chachikulu koposa, ndi funso lakuti, kodi matimu amenewa nga yani? M'dziko muno matimu a ochemerera ambiri ndi awiri a ku Blantyre: Wanderers, imene inayamba m'1962, ndi Bullets, imene inayamba m'1967. Ameneŵa chikondi chao chayenda kuchokera kwa agogo kufika kwa adzukulu, kotero kuti akabwera ku Lilongwe anthu safuna kuwaitana kawiri. Silver Strikers, ya banki yaikulu ya dziko lino, nayo iri ndi anthu ake. Koma matimu ena ambiri nga pa nchito. Blue Eagles nja apolisi, Kamuzu Barracks, MAFCO, Moyale Barracks ndi Red Lions nza asilikali, ndipo Civil Service United nja ogwira nchito m'boma. Sindinena kuti sadziwa mpira ai. Kamuzu Barracks inatenga ligi m'2016, ndipo Blue Eagles inagonjetsa Bullets pa mapenate nitenga chikho cha FDH Bank m'2024, iri m'ligi yaing'ono. Koma mlimi wa ku Kabudula alibe mwana, mphwake kapena mlamu m'timu yotere, ndipo dzina lake silitchula mudzi uli wonse. Pa bwalo la kwathu mai apfuula chifukwa wothamanga ndi mpirayo anambereka kumbuyo ndi iwo. Munthu ayenda ulendo kukaona wake.

Chachitatu ndi ndarama. Wa mumzinda angolipira pa chipata, koma ife a kumudzi tilipira katatu: ulendo, chipata ndi chakudya. Wochokera ku Nsaru ayenera kukwera kabaza kapena galimoto kufika m'tauni, kenaka minibasi yopita ku bwalo, ndipo madzulo achite chimodzimodzi pobwerera, mdima uli pafupi. Amalume atawerenga zonse zimene tinaononga tsiku lija, anapukusa mutu nati, "Apa tadya chimanga cha masiku ambiri." Kumbukiraninso kuti mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti m'2022, ndiponso ndi 44 peresenti m'November 2023, ndipo mitengo ya zinthu ndi ya maulendo inakwera. Kuonjezera apo, zikho zina zimatha chakumapeto kwa chaka, mvula itayamba. Imeneyo ndiyo nthawi yobzala chimanga ndi kuoka fodya, pamene tambala iri yonse yapita ku feteleza. Ndani angasiye khasu tsiku lathunthu pa nyengo yotere?

Chachinai ndi mantha. Pa 6 July 2017, tsiku lokumbukira zaka 53 za ufulu, anthu anapanikizana pa zipata za Bingu Stadium pofuna kuona mpira wa Bullets ndi Silver Strikers. Anthu 8 anamwalira, ambiri mwa iwo ana, ndipo ena ochuluka anabvulala. Chaka chotsatira, ndime yotsiriza ya Airtel Top 8, imene Blue Eagles inapambana Bullets 1-0 pa bwalo lomwelo, inatha ndi ziwawa. Makolo saiwala zotere. Amai anga sanabvomere msanga kuti ndipite, ndipo anauza amalume kuti, "Achimwene, mwanayu mumgwire pa dzanja." Komabe tsiku lachisoni lija litiphunzitsa kanthu kena. Kulowa kunali kwaulere, ndipo anthu anabwera unyinji wosaneneka. Ichi chitsimikiza kuti njala ya mpira iripo pakati pathu.

Chachisanu ndi kanema. Pa malo a malonda ali onse pali kanyumba koonetsa mpira wa ku England. Ndi kandarama kochepa munthu aona Arsenal, Chelsea, Liverpool kapena Manchester United atakhala pa benchi, nabwerera kwao wapansi. Mpira wa kuno nao aumvera pa wailesi ali m'munda, kapena aona zigoli pa foni. Ife tomwe m'kalasi muno, ambiri tikhoza kutchula osewera khumi ndi mmodzi a timu ya ku London, koma tifunseni a timu ya ku Nankhaka, tiyamba kukanda m'mutu.

Kapena wina adzati, "Nanga ife zitikhudza bwanji? Mipandoyo ikhale." Iai anzanga, zitikhudza. Ndarama za pa chipata zigawidwa pakati pa matimu osewera, eni bwalo ndi mabungwe oyendetsa mpira. Zikachepa, timu yopanda bwana wolemera ilephera kulipira osewera ake, ngakhale kugula mafuta a ulendo. Nazo kampani zimene zipereka zikho zifuna kuti dzina lao lioneke ndi anthu ambiri, ndipo zikaona mipando yokhayokha zikhoza kubweza dzanja. Tsono ganizani za mnzathu uja amene amwetsa zigoli pa timu ya sukulu yathu, nalota kudzabvala malaya a Flames monga Kinnah Phiri kapena Gabadinho Mhango. Njira yake idzera m'matimu omwewa. Matimuwo akafa, adzasewera kuti?

Ine ndine mwana wa sukulu chabe, koma ndipempha akulu oyendetsa mpira zinthu zinai. Asankhe bwalo molingana ndi matimu amene afika ku ndime yotsiriza, pafupi ndi kwao kwa ochemerera. Atsegule zipata m'mawa ndi kugulitsa matikiti masiku angapo tsikulo lisanafike, kuti pasakhale kukankhana. Aike mtengo wapadera wa ana a sukulu obwera pamodzi ndi aphunzitsi ao. Ndipo matimu a mumzinda, makamaka a apolisi ndi asilikali, azibwera nthawi zina kudzasewera ku Namitete, ku Nsaru kapena ku Nambuma, ndi kutengako anyamata aluso a kuno. Tsiku limene mwana wa ku Chiwamba adzalowa m'bwalo pa ndime yotsiriza, ndikuuzani, mudzi wonse udzabwereka lole.

Ifenso tiri ndi mbali yathu. Akulu anati pagule pfumbi ndiwe mwini. Ndakamba kale ndi anzanga ena a m'kalasi kuti tiyambe kusonkha pang'onopang'ono kuyambira teremu ino, ndipo tidzapemphe aphunzitsi a zamasewero kuti adzatiperekeze ku ndime yotsiriza ikudzayo, pasewere timu iri yonse. Amene afuna kulembetsa andipeze pa bwalo Lachitatu tikaweruka. Mzere umodzi wokha tikaudzaza, nyimbo tikaimba, osewera akadziwe kuti kunabwera anthu.

Mnyamata wa Fomu 3,
wa ku Chiwamba.