Epoxy yokhuthala kapena yamadzimadzi: mutu umakula pokonza ndodo yowedzera

Ndodo yowedzera nsomba, ija yogula kusitolo yokhala ndi timphete todutsamo chingwe, kawirikawiri siyamba ndi kuthyoka. Imayamba kudwala pa kamphete kamodzi. Lero kagwedera pang'ono, mawa kapendekera kumbali, ndipo tsiku lomwe kampango wamkulu wameza nyambo m'pomwe kamazuka. Chingwe n'kuduka, mwini ndodo n'kubwerera kunyumba ndi nkhani yokha, ndiwo atazisiya m'madzi.

Zambiri mwa ndodozi zimachokera kunja ndipo mtengo wake si wamasewera. N'chifukwa chake okonda kuwedza mpasa mumtsinje wa Bua, tigerfish kumunsi kwa Shire kapena trout m'madamu a paphiri la Zomba ndi ku Nyika amafika poti aphunzire kumanganso timphete okha. Kumanga kwake n'kosavuta kwenikweni: umakulunga ulusi wa nayiloni mothinitsa pa mwendo wa kamphete mpaka kagwirane ndi ndodo. Mutu umakula pa zopaka pamwamba pa ulusiwo.

Kale, ndodo zabwino zikadali za nsungwi, amisiri a ku Britain ndi ku America ankamanga timphete ndi ulusi wa silika n'kupakapo vanishi. Ankapaka kambirimbiri, kudikira iume, n'kupakanso, ntchito n'kutenga masiku. Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1970 pomwe ndodo za graphite zidayamba kufala ndipo amisiri adatembenukira ku epoxy. Mmodzi mwa odziwika pa nkhaniyi ndi Roger Seiders wa ku Texas, yemwe adayambitsa kampani ya Flex Coat mu 1977. Ana ake aamuna awiri, Roy ndi Ryan, ndi omwe adadzayambitsa kampani ya mabokosi osungira zinthu mozizira ya Yeti mu 2006, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Epoxy ya timphete imabwera m'mabotolo awiri. Lina muli utomoni, linalo muli mankhwala oulimbitsa. Siuma ndi mphepo ngati penti, imalimba chifukwa ziwirizi zikakumana zimagwirana zokha. Ndipo opanga ambiri amaigulitsa m'mitundu iwiri. Yolembedwa kuti high build ndi yokhuthala, imayenda mwaulesi ngati uchi wa m'mawa wa mu June. Yolembedwa kuti lite kapena low build ndi yamadzimadzi, yoyandikira ku mafuta ophikira.

Ambiri akaona mabotolowa amathamangira yokhuthala poganiza kuti kukhuthala ndiye mphamvu. Apa m'pomwe amasokerera. Chomwe chimagwira kamphete ndi ulusi. Ntchito ya epoxy ndi kumata ulusiwo kuti usamasuke, kuuteteza kuti usakhulike pamiyala kapena m'mphepete mwa bwato, komanso kutseka njira ya madzi. Ulusi ukamangidwa molobodoka, ngakhale mutathirapo botolo lonse kampheteko kadzagwederabe.

Ubwino wa yokhuthala ndi wakuti kupaka kamodzi kumakwana. Imakwirira ulusi wonse, n'kusiya pamalopo posalala ndi ponyezimira ngati galasi. Pa ndodo zazikulu zolimbana ndi tigerfish kapena kampango, zomwe zimamangidwa ndi ulusi wonenepa wa saizi D ndipo nthawi zina ulusi umasanjikizana kawiri, yokhuthala imachita bwino zedi. Kulemera pang'ono komwe imawonjezera sikumveka pa ndodo yoteroyo.

Koma ili ndi makhalidwe ake. Imasunga timathovu ta mpweya chifukwa timavutika kukwera pamwamba. Imalowa pang'onopang'ono mu ulusi, kotero ikayamba kulimba msanga imangokhala pamwamba, pansi pali pouma. Ndipo dzanja likalemera, imatupa pakati n'kuoneka ngati dzira lamatidwa pa ndodo.

Yamadzimadzi imalowerera. Imanyowetsa ulusi mpaka pansi, ndipo imatsikira m'timipata tiwiri tomwe timatsala m'mbali mwa mwendo wa kamphete pansi pa ulusi. Timipata timeneti ambiri satiganizira, koma ndi momwe madzi amabisala n'kuyambitsa dzimbiri mwakachetechete. Timathovu nato timathawa mosavuta. Msonkho wake ndi nthawi: muyenera kupaka kawiri, mwina katatu, ndipo pakati pake pamafunika kudikira maola angapo kapena kugona usiku umodzi.

Kudikirako kuli ndi phindu lomwe yokhuthala siipereka. Mukapaka koyamba, tiubweya ta ulusi ndi nsonga zomwe mudadula zimaima njo n'kuuma. Mawa lake mumatenga lezala watsopano, kuzisenga mosamala, n'kupakanso. Zolakwa za dzulo zimakwiririka. Wopaka kamodzi alibe mwayi umenewu, chomwe chatuluka n'chomwecho.

Pa ndodo zopepuka, monga zija zoponyera ntchentche yabodza kwa trout, nkhani ya kulemera si yocheza. Kunsonga kwa ndodo kumakhala timphete tambiri toyandikana, ndipo kadontho kalikonse kowonjezera pamenepo kamachititsa nsonga kupitiriza kunjenjemera mukaponya. Msodzi amamva ndodo italemera mutu, ndipo kugunda pang'ono kwa nsomba sikufika bwino m'dzanja. Pamenepa ine sindizengereza: ulusi wowonda wa saizi A, ndi yamadzimadzi kawiri.

Tsono pali china chomwe malangizo a pabotolo, olembedwera anthu a kumayiko ena, satiuza mokwanira. Nyengo imasintha khalidwe la epoxy. Kutentha kumaisungunula komanso kumaifulumizitsa kulimba, ndipo mwachidule kukatentha ndi madigiri 10 owonjezera, nthawi yogwirira ntchito imatsika ndi pafupifupi theka. Ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu October, komwe dzuwa limapitirira madigiri 40, yokhuthala ija imayenda ngati yamadzimadzi kwa kanthawi, kenaka n'kugwira mwadzidzidzi musanafike pa kamphete komaliza. Pamwamba pa Zomba mu July zimatembenuka: yokhuthala imakana kuchoka pa bulashi. Wa kuchigwa apake m'mamawa kusanatenthe. Wa kuphiri ayambe waviika mabotolo ake m'madzi ofunda kwa mphindi zochepa, asanasakanize.

Kusakaniza kwenikweniko sikusankha mtundu. Muyeso ndi wofanana ndendende, ndipo amisiri ambiri satsika pa mamililita atatu mbali iliyonse ngakhale akukonza kamphete kamodzi, chifukwa pa muyeso wochepa kulakwitsa ndi dontho limodzi kumaononga zonse. Kuwonjezera mankhwala olimbitsa kuti iume msanga, monga achitira okonza maboti a fibreglass, pano sikugwira. Mungopeza chinthu chonata chomwe sichidzauma. Takasani pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu, osapuntha ngati mazira. Kenaka thirani pa chipepala cha aluminiyamu: ikayala imataya kutentha kwake, imachedwa kulimba, ndipo thovu limatuluka. Lotsala pa ndodo liuzireni mpweya ndi kapaipi komwera zakumwa.

Chenjeraninso ndi majekeseni a kuchipatala poyeza. Ambiri amakhala ndi mafuta a silicone pa labala wake, ndipo epoxy ikakumana ndi mafutawa imathawa malo ena n'kusiya timaenje. Ngakhale mafuta odzola a m'manja mwanu amatha kuchita zomwezo. Mankhwalawa amayabwanso khungu kwa ena, choncho musawagwire ndi manja.

Mukapaka, ndodo iyenera kuzungulira, apo ayi zonse zitsikira kumunsi n'kulendewera. Amisiri ali ndi kamota koyenda pang'onopang'ono, ndipo ena amangozula kamota kozunguza mbale mu microwave yakufa, komwe kamazungulira kasanu kapena kasanu n'kamodzi pa mphindi. Opanda kamota, kapena omwe magetsi awathawa ntchito ili mkati, agoneke ndodo pa katoni yosemedwa mipata iwiri n'kumaitembenuza ndi dzanja, pafupipafupi poyamba, kenaka mphindi 10 kapena 15 zilizonse kwa maola awiri kapena kuposerapo. Wotembenuza ndi dzanja zimamuyendera bwino akamapaka pang'ono pang'ono, chifukwa epoxy yochepa siilendewera msanga. Tsekani mawindo, fumbi la chilimwe ndi tizilombo tothamangira nyali zimakonda pomwe pakunyezimira.

Nanga guluu wa epoxy wouma m'mphindi zisanu, yemwe amapezeka m'mahadiweya ambiri? Ndidamuyesapo pa ndodo ya malume anga, ndipo mpaka lero amandikumbutsa tikakumana. Adagwira bulashi isanamalize kuzungulira, adasiya mabampu, ndipo patapita miyezi adasanduka wachikasu n'kung'aluka pomwe ndodo imapindika. Guluu ameneyu adapangidwira kumata zinthu, monga chogwirira cha ndodo. Ya timphete idapangidwa kuti iziyala yokha, ichedwe kulimba ndi kupindika limodzi ndi ndodo. Pangozi, muli kunyanja, angakupulumutseni tsiku limenelo, koma mukafika kunyumba mumusenge.

Pofuna kudziwa ngati yauma, musagwire pa ndodo, chala chisiya chidindo. Gwirani yotsala pa chipepala chija. Pakatha maola 24 iyenera kukhala gwa. Ngati patapita masiku awiri ikunatabe, muyeso udalakwika, ndipo kawirikawiri mankhwala ake ndi kusakaniza ina mosamala n'kupaka mopyapyala pamwamba pa yonatayo.