Kumwa Mankhwala a Antibayotiki Pamene Mukuyamwitsa

Amayi, tsiku lina mungathe kudwala mwana wanu akadali wakhanda. Mwina bere latupa ndi kutentha, mwina bala la opaleshoni lachita mafinya, kapena mukumva kuwawa pokodza. Kuchipatala akupatsani mankhwala, koma pobwerera kunyumba mtima uli m'mwamba: kodi mankhwalawa sapweteka mwana kudzera mumkaka? Chifukwa cha mantha amenewa, amayi ena amaleka kumwa mankhwala, ndipo ena amaleka kuyamwitsa. Njira ziwiri zonsezi n'zoopsa. Kawirikawiri mayi angathe kumwa mankhwala ake onse ndi kupitiriza kuyamwitsa, malinga atatsata malangizo a achipatala.

Kodi antibayotiki n'chiyani?

Awa ndi mankhwala opha tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya. Tizilomboti timayambitsa matenda monga chibayo, mafinya a pabala, matenda a m'chikhodzodzo ndi matenda a m'chiberekero amene amagwira amayi ena atangobereka. Odziwika kwambiri mwa mankhwalawa ndi penisilini, amene Alexander Fleming anawatulukira ku London m'chaka cha 1928. Dziwani kuti antibayotiki sachiza chimfine, pakuti chimfine chimayamba ndi tizilombo ta mtundu wina totchedwa mavairasi. Salowanso m'malo mwa mankhwala a malungo kapena opha ululu.

Kodi mankhwalawa amafika mumkaka?

Inde, amafika, koma ambiri mwa iwo amafika pang'ono zedi. Mukameza mbulu, umasungunuka m'mimba ndi kulowa m'magazi, ndipo kagawo kochepa kokha ndiko kamadutsa kukalowa mumkaka. Kagawoka n'kochepa kutalitali poyerekeza ndi mlingo umene dokotala amapatsa khanda lodwala. Penisilini, amoxicillin, cefalexin ndi ceftriaxone ndi ena mwa mankhwala amene mayi woyamwitsa angalandire popanda nkhawa. Ndipotu mankhwala a mtundu wa penisilini amaperekedwa ngakhale kwa ana ongobadwa kumene akadwala.

Mankhwala ofunika kusamala nawo

Pali mankhwala ena amene dokotala amayamba waganiza bwino asanawapereke kwa mayi woyamwitsa.

Cotrimoxazole, amene ambiri timawatchula kuti Bactrim, ndiponso nitrofurantoin, amafunika kusamala ngati mwana sanakwanitse mwezi umodzi, anabadwa masiku asanakwane, kapena ali ndi chikasu.

Chloramphenicol wakumwa kapena wobaya angathe kusokoneza kapangidwe ka magazi m'thupi la khanda, choncho achipatala amafuna mankhwala ena m'malo mwake.

Tetracycline ndi doxycycline sayenera kumwedwa kwa nthawi yaitali ndi mayi woyamwitsa, pakuti angathe kudetsa mano a mwana amene akupangika.

Metronidazole, kapena kuti Flagyl, nthawi zina amachititsa mwana kutsegula m'mimba pang'ono. Pamene mukumwa mankhwalawa musalawe mowa.

Simukukakamizidwa kuloweza mayina onsewa. Ntchito yanu ndi kuuza dokotala kapena namwino, asanakulembereni mankhwala, kuti mukuyamwitsa. Muwauzenso msinkhu wa mwana, ngati anabadwa masiku asanakwane, ndiponso ngati mankhwala ena anakuwenganipo kale. Tengani buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi kabuku ka mwana ka kusikelo. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Amayi amene mumalandira Bactrim tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV, musaleke kumwa chifukwa cha zimene mwawerengazi. Pitirizani monga anakulangizirani, ndipo ngati mwana ali ndi chikasu auzeni achipatala. Chimodzimodzinso amayi amene mukumwa mankhwala a chifuwa chachikulu: yamwitsani, ndipo pitani ndi mwana kuchipatala kuti akamuyeze, pakuti angafunike mankhwala omuteteza.

Kuipa kosiyiza mwana bere

Mwana wosakwana miyezi 6 safuna chakudya china kapena madzi koma mkaka wa m'mawere wokha. Mkakawu ndi chakudya chake, madzi ake ndiponso chitetezo chake kumatenda. Mukamusiyiza mwadzidzidzi ndi kumupatsa phala, tiyi kapena mkaka wa m'botolo, angathe kutsegula m'mimba ndi kunyentchera. Mawere anunso amadzadza ndi kuwawa, ndipo patapita masiku mkaka umayamba kuchepa.

Bere likatupa, mkaka uyenera kutulukabe, apo ayi kutupako kumakula mpaka kusanduka chithupsa. Yamwitsani pafupipafupi, ndipo ngati mwana akulephera kugwira bere, finyani mkaka ndi manja osamba bwino. Ngati muli ndi HIV ndipo bere latupa kapena nsonga yake yang'ambika, onanani ndi namwino tsiku lomwelo kuti akulangizeni.

Kamwedwe koyenera

1. Imwani mankhwala okhawo amene achipatala akulemberani. Musagule makapisozi pamsika kapena pagolosale, ndipo musamwe otsala a mnzanu.

2. Sungani nthawi. Akanena kuti katatu patsiku, ndiye kuti maola 8 alionse, mwachitsanzo 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku.

3. Mukaiwala, imwani pomwe mwakumbukira. Ngati nthawi ya mbulu wotsatira yayandikira, dikirani nthawiyo. Musamwe milingo iwiri pakamodzi.

4. Tsirizani masiku onse amene anakuuzani ngakhale mutapeza bwino. Mukasiyira panjira matenda angabwerere. Kumwa antibayotiki mwachisawawa kumachititsanso kuti tizilombo tisiye kumva mankhwala.

5. Musamupatseko mwana mankhwala anu, ndipo musaganize kuti mankhwala a mumkaka angachize mwana wodwala. Iye akadwala ayenera kuonedwa ndi kulandira mlingo wakewake.

6. Ngati inu mwatuluka zidzolo, mwatupa nkhope kapena mukubanika, lekani mankhwalawo ndipo thamangirani kuchipatala.

Muziyang'ana chiyani pa mwana?

Ana ambiri sasintha konse. Ena chimbudzi chawo chimafewa kuposa masiku onse, ndipo ena amatuluka timawanga toyera mkamwa kapena totupa pamatako. Zoterezi si chifukwa chosiyira bere. Yamwitsanibe usana ndi usiku, kosachepera ka 8, ndipo kamuonetseni mwana kwa namwino kapena mlangizi wa zaumoyo.

Koma musadikire kuti kuche ngati mwana akukana kuyamwa, watentha thupi, akupuma mofulumira, wafooka ndipo sakudzuka msanga, wakomoka, akusanza chilichonse, akutsegula m'mimba madzi okhaokha kapena magazi, kapena maso ndi zikhatho zake zachita chikasu. Zizindikiro zimenezi zimafuna chipatala nthawi yomweyo, ndipo potero tengani mankhwala amene mukumwa kuti dokotala akawaone.

Kumbukirani

Mwana wanu afuna zinthu ziwiri: mayi wamoyo ndi wamphamvu, ndiponso bere la mayiyo. Musataye chimodzi pofuna kusunga chinzake. Ngati apongozi, abambo a kunyumba kapena anansi akukuuzani kuti mkaka waipa chifukwa cha mankhwala, awerengereni kabuku kano, kapena bwerani nawo kusikelo adzamve okha kwa anamwino.