Kusankha Galimoto Yakale Yoyenera Dalaivala Watsopano

Tsiku limene mnyamata kapena mtsikana walandira chiphaso choyendetsera galimoto limakhala la chimwemwe pakhomo, komanso ndi tsiku limene makolo amayamba kugona ndi nkhaŵa. Popeza galimoto yatsopano ndi yokwera mtengo, ambiri amagula yoyendapo kale, monga zija za ku Japan zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kuloŵa m'dziko muno pa Songwe. Pogula, nkofunika kukumbukira mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti yonyezimira siingaimitse galimoto pamene mwana wasukulu wathamangira mumsewu.

Dalaivala watsopano sanazoloŵere liŵiro, choncho imene imamuyenera ndi galimoto ya injini yaing'ono, ya malita 1.3 kapena 1.5, ya mtundu wodziŵika. Toyota Corolla, imene inayamba kupangidwa mu 1966, amaidziŵa amakaniko a ku Ndirande, a ku Mchesi ngakhalenso a m'maboma akutali. Galimoto yachilendo imatha miyezi ili pamiyala, kudikira chitsulo chimodzi.

Wogula apite ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa, ndipo afike m'maŵa injini isanalizidwe, pakuti injini yotentha imabisa matenda. Utsi wabuluu utanthauza kuti injini ikudya oyilo. Utsi woyera wosaleka utanthauza kuti madzi akuloŵa mu injini, ndipo kaŵirikaŵiri pa chivundikiro cha oyilo pamaoneka zonga chambiko. Makaniko aloŵenso kunsi kukaona dzimbiri ndi zizindikiro za kuwotcherera, zimene zimaulula ngozi yakale.

Moyo wa mwana, komabe, uli pa mabuleki, matayala ndi lamba. Buleki yoloŵa mpaka pansi kapena yokokera galimoto mbali imodzi ndi yoopsa. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi onena tsiku lake lobadwa: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mizere yake ikuonekabe. Lamba wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno, amene Nils Bohlin wa ku kampani ya Volvo anakonza mu 1959, ayenera kugwira msanga akakokedwa mwadzidzidzi. Nyali za ABS ndi airbag ziyake potembenuza kiyi, kenaka zizime. Nyali yosayaka konse mwina inachotsedwa dala.

Ndalama zisatuluke mpaka nambala ya chasisi itafanana ndi yolembedwa m'bulubuku, ndiponso dzina la wogulitsa litagwirizana ndi la mwini. Kholo lanzeru limasungako ndalama ya inshuwalansi, ya COF ndi ya matayala atsopano. Wogulitsa wokana kuti galimoto iyesedwe pamsewu wanena kale zonse, ndipo kholo litsanzike mwaulemu, likafune ina.