Mkaka Unavuta pa Mwana Wapitayo: Nanga Ulendo Uno?

Pa mzere wa amayi oyembekezera kusikelo pamakhala ena amene nkhawa yawo yaikulu si tsiku lochira ayi, koma masiku otsatira. Iwowa anaberekapo kale, ndipo akukumbukira mwana akulira usiku wonse ali pabere, mawere akuoneka ngati mulibe kanthu, achibale akunong'onezana kuti mwanayu sakukhuta. Ena anathera pogula mkaka wa m'chitini umene mtengo wake unagwedeza nyumba yonse. Ena anayamba kumupatsa phala mwana asanakwanitse ndi miyezi iwiri yomwe. Tsopano pathupi pena pakula, ndipo mumtima muli funso limodzi: kodi zibwerezanso?

Tiyambe ndi nkhani yolimbitsa mtima. Ofufuza a ku Bristol, m'dziko la England, anayeza kuchuluka kwa mkaka wa amayi 22 pa mwana woyamba, n'kudzawayezanso pa mwana wachiwiri. Zotsatira zake zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2001, ndipo zinasonyeza kuti pa sabata yoyamba amayiwo anali ndi mkaka wambiri pa mwana wachiwiri kuposa pa woyamba. Amene mkaka wawo unawonjezeka kwambiri ndi omwe aja anavutika koposa poyamba. Amayi 22 ndi ochepa, sitikukana, koma azamba ambiri amaona zomwezo: bere limene linagwirapo ntchito siliyambanso ngati lachilendo.

Komabe sitinganene kuti ingokhalani, zidzayenda zokha. Vuto lapitalo linali ndi chifukwa chake, ndipo kukonzekera kwenikweni n'kuchifufuza chifukwacho mwana asanabadwe. Khalani pansi, mwina ndi amuna anu, mukumbukire bwinobwino. Mwana uja anayamba kuyamwa patapita nthawi yaitali bwanji atabadwa? Kodi munagona naye pamodzi kapena anali kuchipinda china? Nsonga za mawere zinang'ambika? Alipo anamupatsa madzi, mankhwala azitsamba kapena botolo m'masiku oyambirira? Munataya magazi ambiri pochira? Munayamba liti njira yolera, ndipo inali iti? Mayankho ake muwalembe pa pepala, muike m'buku lanu la kuchipatala, ndipo ulendo wotsatira wa kusikelo muwaonetse anamwino.

Zina mwa zifukwazi n'za m'thupi. Kachidutswa ka nsengwa kakatsalira m'chiberekero, thupi limakhala ngati silinamve kuti mwana wabadwa, ndipo mkaka umachedwa. Kutaya magazi kwambiri, matenda a shuga, vuto la chithokomiro, opaleshoni yakale ya pabere, zonsezi zingachepetse kapena kuchedwetsa mkaka, ndipo zambiri mwa izo achipatala angathe kuziyeza ndi kuzisamalira akadziwiratu. Mapiritsi olera okhala ndi estrogen nawonso amachepetsa mkaka akayambidwa msanga. Zilipo njira zina zoyenera mayi woyamwitsa, choncho funsani musanasankhe.

Koma kwa amayi ambiri, vuto silinali m'thupi. Mkaka unachepa chifukwa sunkatuluka mokwanira. Apa m'pofunika kumvetsa bwino. Bere si mtsuko woti umadzaza wokha nthawi ikakwana. Limapanga mkaka molingana ndi umene wachotsedwamo. Mwana akayamwa, ubongo wa mayi umatulutsa timadzi totchedwa prolactin timene timalamula bere kupanga mkaka wina, ndipo timadziti timachuluka usiku. Mkaka ukakhalitsa m'bere, bere limamva kuti palibe akuufuna, n'kuyamba kuchepetsa. Ndiye taonani mmene zimayendera: mwana akulira, agogo mwachifundo amupatsa madzi a shuga, mwana agona maola anayi osayamwa, mawa mkaka wachepa, mwana alira kwambiri, amupatsanso zina. Pakutha pa mwezi aliyense akuti mayiyu alibe mkaka, chonsecho unalipo.

Masiku atatu oyamba ndi amene amanamiza anthu ambiri. Mkaka woyamba, wachikasu uja, umatuluka timadontho chabe, ndipo mayi amene anavutikapo kale akaona zimenezi mtima umagwa. Koma mimba ya khanda la tsiku limodzi ndi yaing'ono ngati chipatso cha masau. Sapuni yaing'ono imodzi pa kuyamwa kulikonse imamukwanira. Mkaka wachikasuwu ndi wodzaza ndi chitetezo ku matenda, ndipo si wofinyira pansi. Mkaka wambiri umabwera pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi, nthawi zina mochedwerapo kwa amene achira pa opaleshoni.

Bungwe la World Health Organization pamodzi ndi UNICEF amalangiza kuti mwana ayambe kuyamwa mkati mwa ola loyamba atabadwa, ayamwe mwakathithi kwa miyezi 6, ndipo apitirize kufikira zaka ziwiri kapena kuposerapo akudya zakudya zina. Ola loyambalo mulipemphe nokha. Auzeni azamba musanalowe m'chipinda chochirira kuti mkaka unakuvutani ulendo wapitawo, ndipo mukufuna mwana amugoneke pachifuwa panu, khungu ndi khungu, akangobadwa. Amene akudikirirani kuchipatala adziwenso zimenezi, chifukwa pa nthawiyo inu simudzakhala ndi mphamvu zokambirana.

Musatuluke m'chipatala anamwino asanaone mwana akuyamwa. Ngakhale mayi wa ana atatu asachite manyazi kupempha. Mwana wogwira bwino bere amatsegula kukamwa kwambiri, chibwano chake chimakhudza bere, mlomo wam'munsi umapindikira kunja, ndipo amalowetsa mbali yaikulu ya pakuda paja, osati nsonga yokha. Amakoka mwapang'onopang'ono ndipo mumamumva akumeza. Ngati mukumva ululu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, china chake chalakwika. Mwina ndi kagwiridwe, mwinanso kamnofu ka pansi pa lilime la mwana n'kakafupi. Phunziraninso kufinya mkaka ndi manja. Luso limeneli lapulumutsa amayi ambiri amene ana awo anabadwa masiku asanakwane kapena anali ofooka, pakuti mwana amamwa ndi kakapu kapena sapuni, bere n'kumapitiriza ntchito.

Nanga mudzadziwa bwanji kuti akukhuta? Osati poyang'ana kulira, pakuti ana amalira pa zifukwa zambiri. Osatinso pofinya bere n'kuona zotuluka, kapena poona kuti lafewa. Werengani matewera. Kuyambira tsiku lachisanu mwana azinyowetsa matewera 6 kapena kuposerapo pa tsiku, mkodzo wake uli woyera, ndipo chimbudzi chizikhala chitasintha kuchoka pa chakuda kufika pa chachikasu. Aziyamwa maulendo 8 mpaka 12 usana ndi usiku. Kutsika sikelo pang'ono m'masiku oyamba n'kwachibadwa, koma pofika masabata awiri akhale atabwerera pa kulemera kumene anabadwa nako. Mwana akamangogona osadzuka kuti ayamwe, akamakodza pang'ono, kapena khungu ndi maso zikachita chikasu, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Za zakudya timamva zambiri: thobwa, mtedza, phala la soya. Zonsezi n'zabwino, ndipo mayi woyamwitsa amafunikadi kudya moonjezera kuchokera m'magulu 6 aja a zakudya, nyemba ndi ndiwo zamasamba zotendera zisasowe, n'kumamwa madzi akamva ludzu. Koma palibe chigubu cha thobwa chimene chingalowe m'malo mwa mwana pabere. Chimene a pakhomo angachite choposa kuphika ndicho kumuchotsera mayi ntchito. Bambo atunge madzi ndi kuchapa matewera, apongozi asamalire ana aakulu, amayi a Dorika akabwera kudzaona mwana abwere ndi nkhuni m'malo mwa malangizo khumi osiyanasiyana. Ndipo nkhani ya madzi ndi phala mukambirane ndi akuluakulu a pabanja mwana asanabadwe, mwaulemu, mitima ili m'malo, osati pakati pa usiku khanda likulira.

Tinenenso mosabisa kuti alipo amayi ochepa amene, atachita zonsezi, mkaka sukwanirabe. Kawirikawiri awa ndi amene mawere awo sanakule kapena kusintha konse ali oyembekezera, ndipo chizindikiro chimenechi n'choyenera kutchula kusikelo. Mayi wotere si waulesi, sanalodzedwe, ndipo sanachimwe. Mkaka umene ali nawo, ngakhale theka, umatetezabe mwana. Achipatala akalangiza kuwonjezera mkaka wina, mwana ayambe wayamwa mawere onse awiri, kenaka amwe wowonjezerawo ndi kakapu koyera, wosungunulidwa ndi madzi owiritsa pa muyeso wolembedwa pa chitini, osauchepetsa mphamvu pofuna kuti ukhalitse. Kenaka muzipita naye kukamukweza sikelo pa masiku amene anamwino akupatsani, kuti aone ngati wowonjezerawo uyenera kuchepetsedwa kapena kupitirizidwa.