Owotcherera a ku Thyolo ndi ndege za m'mashedi

Pa Bvumbwe, pa boma la Thyolo kapena pa Luchenza, malo a owotcherera sasowa. Galayinda imamveka munthu ali patali, ndipo akafika amapeza mafelemu a zitseko ndi a mawindo atatsamira pakhoma, mabagalaba, mabedi achitsulo, mawilibala ndi makaliyala a njinga za kabaza. Mmisiri amakhala ndi anyamata awiri kapena atatu ophunzira ntchito. Mnyamata amayamba ndi kugwirizira chitsulo, kupala dzimbiri ndi kupenta. Pamapita miyezi asanapatsidwe rodi kuti awotchere yekha.

Makina owotcherera enieniwo, m'mashedi ambiri, ndi opanga okha: waya wokulungidwa pa mpukutu wa tizitsulo topyapyala, ataikidwa m'bokosi la matabwa. Galasi lotetezera maso limakhala limodzi, lobwerekana. Amene wagwirizira chitsulo amangotembenuza nkhope, ndipo usiku maso amatuluka misozi ngati mwalowa mchenga. Magetsi akazima, ndiye kuti tsikulo kulibe ya ndiwo.

M'maesiteti a tiyi muli amisiri a mtundu wina. Ku Satemwa, komwe kulima kunayamba mu 1923, ku Conforzi, ku Makandi ndi ku Naming'omba, tiyi akathyoledwa amadutsa m'makina ambiri: zikupizira zikuluzikulu zopemerera mphepo pansi pa masamba kuti afote, makina odula ndi kupota masambawo, maboyila odya nkhuni za bulugama. Nyengo ya mvula tiyi amaphuka mosalekeza, ndipo masamba othyola sadikira. Makina akaima pakati pa usiku, fita ndi wowotcherera amadzutsidwa. Ambiri mwa amenewa ali ndi mapepala a ntchito zamanja, monga a TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Amadziwa kuti chikupizira chikalemera mbali imodzi chimanjenjemera mpaka kuthyola shafuti. Nzeru imeneyi, monga tionere, ndi ya mtengo wapatali.

Pafupifupi mmisiri aliyense anayamba ndi galimoto ya mawaya. Ana a m'makomboni a esiteti amapanganso ndege: thupi la waya, mapiko a katoni, chopukusa chodula pa chitini, chomwe chimazungulira mwana akathamanga. M'makatuni a m'mavidiyo sho chilichonse chokhala ndi chopukusa pamwamba chimauluka, kaya ndi mpando kaya bafa, ndiye mwana amakula akukhulupirira kuti chinsinsi ndi kuzungulirako basi. Ambiri amaziiwala. Ena ayi.

Mu 2016 dziko lonse linamva za a Felix Kambwiri a m'mudzi wa Gobede, makilomita pafupifupi 90 kumpoto kwa Lilongwe. Bambowa, omwe amadziwa kuwotcherera, anapanga helikopita ya mpando umodzi ndi zitsulo zotolera, n'kuikamo injini ya njinga yamoto ya 125cc. Chopukusa chinkazungulira, anthu ankabwera kudzaona, koma akuluakulu anawauza kuti asayese kuuluka mpaka oona za ndege atayendera chombocho. Ena anawaseka. Ine sindiona choseketsa. Munthu amene wakonza chiwongolero, mchira ndi njira yotengera mphamvu ku injini kupita pamwamba, ameneyo ndi mmisiri weniweni.

Komabe choletsacho chinali ndi chifukwa chake, ndipo vuto lagona pa masamu. Injini ya 125cc imatulutsa mphamvu za akavalo pafupifupi 10. Helikopita yaing'ono ya anthu awiri yotchedwa Robinson R22 imafuna zoposa 120, chonsecho inapangidwa ndi zitsulo zopepuka kwambiri. Wowotcherera wa kwathu anazolowera chitsulo cha mabagalaba, ndipo dzanja lake linaphunzira kuti cholimba ndi cholemera. Pa chitseko n'zoona. Pa ndege kilogalamu iliyonse ndi mdani. Kuwonjezera apo, phiko silikhala lathyathyathya. Limafuna msana wopindika mwa muyeso wake, ndipo mapiko a helikopita amasintha kapendekedwe pamene akuzungulira. Akasiyana kulemera pang'ono chabe, chombo chimadzigwedeza mpaka kusweka, ndipo chidutswa chothothoka chingaphe oonerera. Fita wa m'fakitale ya tiyi angamvetse zimenezi msanga kuposa aliyense.

Ndege zopangidwa ndi manja a Amalawi zaulukapo kale, koma ndi zazing'ono, zopanda munthu mkati. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera madironi ku Kasungu, ndipo chaka chomwecho ophunzira a kuno, mothandizidwa ndi yunivesite ya Virginia Tech, anapanga dironi yotchedwa EcoSoar ndi zipangizo zotchipa, n'kuiulutsa mtunda wa makilomita 19. Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa, ndipo yunivesite ya MUST, yomwe ili ku Ndata konkuno ku Thyolo, ndi imodzi mwa zoyendetsa maphunzirowo.

Chondipweteka n'chakuti maphunziro oterewa amafuna mapepala amene mnyamata wa pashedi alibe. Kuchoka pa msika wa Goliati kukafika ku MUST ndi pafupi, njinga ya kabaza imafika. Ndikadakonda patakhala maphunziro a milungu yochepa, m'Chichewa, a amisiri a m'misika: kuyeza kulemera kwa chinthu asanachipange, kuwerengera mphamvu ya injini, kuwotcherera aluminiyamu, kulinganiza chopukusa. Wophunzira zimenezi, ngakhale asadzapange ndege, adzakonza bwino chigayo, pampu ya mthirira ndi ngolo yopepuka yokokedwa ndi njinga, zomwe alimi a tiyi ang'onoang'ono a ku Thyolo ndi Mulanje akuzisowa lero.