Nkhokwe ya ubongo imadzazidwabe munthu atamera imvi

M'chikhalidwe cha Achewa ndi mitundu yoyandikana nawo, munthu wokalamba amapatsidwa malo a mphunzitsi, ndipo mwambi woti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto umasonyeza kuti iwo ndiwo kothawira nzeru zikatha. Ulemu umenewu ndi woyenera, koma umabereka ganizo lolakwika loti amene wamera imvi anamaliza kuphunzira, kotero kuti gogo amene wagwira cholembera n'kukhala pansi kuti aphunzitsidwe amaoneka ngati wadzichotsera ulemu. Akatswiri a za ubongo amatsutsa ganizo limeneli.

Mfundo yawo yaikulu, imene Yaakov Stern wa ku Columbia University ku New York anaifotokoza mozama, tingaitche nkhokwe ya ubongo, kutanthauza mphamvu imene ubongo umasonkhanitsa pophunzira ndi pogwira ntchito zofuna kuganiza, imene imauthandiza kupeza njira zina pamene mbali zake zayamba kuwonongeka. Monga banja lodzaza nkhokwe limafika m'mwezi wa February lisanayambe kugona ndi njala, munthu amene ubongo wake wakhala ukugwira ntchito amachedwa kuonetsa zizindikiro za matenda oiwalaiwala, amene madokotala amawatcha dementia. David Snowdon, amene mu 1986 anayamba kafukufuku amene anakhudza masisitere 678 a Chikatolika ku America, anapeza kuti ena mwa iwo anamwalira akuganiza bwinobwino ngakhale kuti ubongo wawo, utapimidwa, unali ndi zizindikiro za matenda a Alzheimer.

Funso lotsatira ndi lakuti kodi nkhokweyi ingawonjezeredwe munthu atakalamba kale. Denise Park wa ku University of Texas ku Dallas anasonkhanitsa anthu 221 a zaka za pakati pa 60 ndi 90, ndipo kwa miyezi itatu, maola pafupifupi 15 pa sabata, ena anaphunzira kujambula zithunzi ndi kamera yamakono n'kumazikonza pa kompyuta, ena kusoka zofunda polumikiza tizidutswa ta nsalu, pamene ena ankangocheza pagulu kapena kumvetsera nyimbo ndi kuchita timasewera tosavuta ta mawu kunyumba. Amene anaphunzira luso latsopano ndiwo anaonetsa kusintha pa kukumbukira zinthu. Apa pakuoneka kuti chimene chimalimbitsa ubongo ndi chinthu chachilendo chimene chimavuta pang'ono, osati kubwereza zimene munthu anazizolowera, kotero kuti mkulu amene wasewera bawo zaka makumi anayi angapindule kwambiri ataphunzira kulemba uthenga pa foni kusiyana ndi kuwonjezera maola pa bawopo.

Kuphunzira si mankhwala ochiza dementia, ndipo kunena choncho kungakhale kunamiza anthu. Gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 peresenti ya matendawa imagwirizana ndi zinthu 14 zimene zingapewedwe kapena kuchepetsedwa, ndipo kuchepa kwa maphunziro ndi chimodzi chabe pakati pa zina monga kuthamanga kwa magazi, shuga, kusamva bwino ndi kukhala kwayekha. Pa mfundo yotsirizayi ndi pamene kalasi imapindulitsa kawiri, chifukwa wophunzira amatuluka m'nyumba n'kukumana ndi anzake. Pierre Vellas atayambitsa University of the Third Age, kutanthauza yunivesite ya anthu opuma pa ntchito, ku Toulouse m'dziko la France mu 1973, a ku Britain anaitengera mu 1982 n'kuisintha kuti mamembala aziphunzitsana okhaokha, popanda mayeso kapena satifiketi.

Ku Malawi nkhaniyi imayambira pansi kwambiri, pakuti sukulu ya pulayimale inali yolipira mpaka 1994, ndipo ambiri amene lero ndi agogo, makamaka amayi akumudzi, sanapondeko m'kalasi kapena analekezera panjira. Kwa iwo khomo ndi sukulu za kwacha, zimene zimaphunzitsa akuluakulu kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera, ndipo boma linazikhazikitsa ngati pulogalamu ya dziko lonse mu 1986. Phindu lake limaoneka msanga kuposa la ubongo lija. Gogo wodziwa kuwerenga amaona yekha kamwedwe ka mankhwala a BP kolembedwa pa kathumba, amasaina dzina lake m'malo modinda chala, amatsatira ziwerengero za ku banki mkhonde, ndiponso amasunga yekha nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money m'malo moiulula kwa mdzukulu kapena kwa wothandiza aliyense amene wamupeza pa kauntala. Kimani Maruge wa ku Kenya, amene analowa Sitandade 1 ku Eldoret mu 2004 ali ndi zaka 84, ankafuna zinthu zamtundu womwewu, kuwerenga Baibulo payekha ndi kuwerengera ndalama zake.

Chopinga chachikulu ndi manyazi, ndipo amagwira kwambiri abambo, amene safuna kuoneka akulephera kulemba chilembo pamaso pa akazi awo kapena apongozi awo. Kalasi imene imalola wophunzira kukhalanso mphunzitsi, kuti woluka mphasa kapena wodziwa kusunga mbewu zamakolo aphunzitse luso lake pamene iye akuphunzitsidwa foni, imachotsa manyaziwo popanda kumulanda gogo malo ake. Zipinda zambiri za sukulu ndi za matchalitchi zimakhala zotseka dzuwa likapendeka, choncho mafumu, atsogoleri a mipingo ndi makhonsolo atsegule zipindazo kuti agogo azikumanamo kawiri kapena katatu pa sabata.