THANDIZO LA MAIKO AKUNJA: KODI LIFIKA KWA AMAI A KWA MNKHANYA?

Mai wa kwa Mfumu Mnkhanya m'boma la Mambwe ndiye atunga madzi, atola nkhuni, ndipo pamodzi ndi mwamuna wace acezera usiku kupirikitsa njobvu m'munda. Kodi pa ndalama za citukuko zocokera ku maiko akunja, gawo lace ndi lotani?

Maiko opereka thandizo ali ndi njira yao yowerengera. Kupyolera m'bungwe la OECD la ku Paris, nchito iliyonse ipatsidwa nambala. Nambala 2 itanthauza kuti colinga cacikulu ndi kulinganiza amuna ndi akazi. 1 ndiye kuti nkhaniyi ilimo koma si mutu wace. 0 ndiye kuti mulibe. M'zaka za 2021 ndi 2022, pa K100 iliyonse ya thandizo lopimidwa motere, pafupi-fupi K4 yokha ndiyo inali ya nambala 2.

Komatu nambalayo ilembedwa ndi wopereka ndalama mwini wace, ndipo ionetsa zimene iye alinga kucita. Siinena kuti citsime cinakumbidwa kapena kuti mai analankhula pa msonkhano.

Anthu a m'cigwa ca Luangwa anaziona kale izi. M'caka ca 1986 Pulezidenti Kenneth Kaunda anakhazikitsa nchito ya citukuko yochedwa LIRDP, ndipo dziko la Norway linaikamo ndalama zambiri. Nchitoyi inafika m'maiko a mafumu 6 a Cikunda: Mnkhanya, Jumbe, Kakumbi, Malama, Msoro ndi Nsefu. Munali za miseu, ulimi, madzi, ndiponso cigawo ca amai. Koma pa zaka zoyamba ndalama za nyama za kuthengo zinali kugamulidwa ndi makomiti apamwamba, ndipo anthu wamba ambiri sanadziwe kumene zinali kupita.

Zinthu zinasintha mu 1996, pamene K80 pa K100 iliyonse ya ndalamazo inayamba kutumizidwa ku magulu a m'midzi ochedwa VAG. Anthu anali kusonkhana, kumva kuculuka kwa ndalama, ndi kupangana okha za kugawana kapena kumanga sukulu ndi zitsime. Pa msonkhano wotere mai anali ndi mpata womva ndi makutu ace ndi kufunsa.

Phunziro lace ndi lakuti kuwerengera kweni-kweni kucitikira pamudzi. Tsono pamene alendo abwera ndi nchito yatsopano, funsani mafunso awa: Ndalama zonse ndi zingati? M'komiti muli akazi angati, ndipo alipo amene asunga thumba kapena asaina ku banki? Msonkhano uitanidwa pa nthawi imene amai ali kumunda kapena kucigayo? Mbeu ndi ngongole zilembedwa m'dzina la yani?

Kufunsa kotere si mwano ai. Lamulo la dziko la Zambia la m'caka ca 2015 lonena za kulingana kwa amuna ndi akazi liletsa tsankho, ndipo lifuna kuti akazi akhale nao pa mipando yogamula nkhani.

Amai a kwa Mnkhanya, musatsale kunyumba tsiku la masankho a komiti. Inunso abambo, aloleni alankhule. Mlembi alembe m'buku maina a olandira, amuna padera akazi padera, ndipo bukulo liwerengedwe pamaso pa onse.